Ndinkamwera Dzina la Tsekakhomo

Abusa andipatsa mphindi makumi awiri. Ndiyesetsa, koma mukaona ndapitirira musandiimitse, chifukwa ndikaima pakati sindipezanso mtima woyambiranso.

Ambiri muno mumandidziwa. Ena mumandidziwa ndi dzina langa, Lameki. Ena, makamaka azibambo amene tinkakumana Loweruka lililonse ku Seven Corners, mumandidziwa kuti ndine mng'ono wa Tsekakhomo. Dzina lachiwirili ndi limene landiimika kutsogolo kuno. Ndatha chaka ndi miyezi inayi osalawa mowa. Ndikudziwa kuti m'chipinda muno muli ena amene m'mawa uno adzuka manja akunjenjemera, ndipo abisa manjawo m'matumba. Ndikulankhula ndi inuyo.

Kwa amene simunakulire kumalire, ndifotokoze kaye. Kwathu ndi ku Mchinji, chakum'mwera, kumene munthu umadzuka ku Malawi, nkhuni n'kukatola ku Mozambique, chimanga n'kukagayitsa ku Zambia. Achimwene anga a Damiyano anali oyamba kubadwa, ine wachisanu. Anayamba ndi kuzembetsa shuga ndi nsalu panjinga. Kenako ng'ombe za eni. Nkhondo itakula ku Mozambique mfuti zinayamba kupezeka ngati makasu, ndipo iwo anapeza zawo, n'kupezanso anthu owatsatira. Kukamveka kuti awoloka dambo, mudzi wonse unkatseka zitseko dzuwa lili pamutu. Dzina linachokera pamenepo.

Nkhani zawo zinkayenda kuposa iwo eni. Ankati zipolopolo zikawafika zimasanduka madzi. Ankati anadutsa pachipata cha malire atavala chitenje ndi duku pakati pa amayi opita kuchinkhoswe, wapolisi mpaka kuwathandiza kusenza dengu. Ankati chaka cha njala anapha ng'ombe za mwini esiteti n'kugawira amasiye. Atasowa, anthu anati sanafe, angolowa m'phiri.

Ine nthawi yonseyo ndinali mphunzitsi wa Sitandade 5, kutali ndi kwathu. Mfuti sindinaigwirepo. Achimwene ndinkawaona mwina kawiri pachaka, ndipo tikakumana kwa amayi ndinkapeza chifukwa chobwererera msanga. Ndinkachita nawo manyazi. Kusukulu kwathu palibe amene ankadziwa kuti ndi abale anga.

Kuno kutsidya kwa nyanja amene anatsogola ndi mkazi wanga Esinati, atapeza ntchito yosamalira okalamba ku Alexandria. Ine ndi ana awiri tinamutsatira patapita zaka ziwiri. Ntchito imene ndinapeza inali yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Landover, pafupi ndi pamene amanga bwalo lalikulu la mpira paja. Kapitawo wathu ankanditcha Larry, akuti Lameki likumuvuta. Munthu amene ana makumi asanu ndi limodzi ankaimirira ndikalowa m'kalasi, tsopano ndinkaitanidwa ndi likhweru.

Loweruka lina masana mnzanga ananditengera kunyumba ina ku Seven Corners, kumene Amalawi ndi a ku Zambia ankasonkhana. Bambo wina wa ku Lusaka anandifunsa kwathu. Nditati ku Mchinji, anaseka n'kuti, "Kwa Tsekakhomo?"

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinati, "Ndi achimwene anga amenewo. Bere limodzi."

Wina anadzuka n'kundipatsa mpando wake. Wina anandiika botolo m'manja. Kuyambira tsiku limene ndinatsika ndege, aka kanali koyamba kuti anthu atseke pakamwa kudikira mawu anga.

Poyamba ndinkangokamba zimene ndinamva, monga wina aliyense. Ndinkati, "Anapita." Patapita miyezi ndinayamba kunena kuti, "Tinapita." Chaka chisanathe ndinali nditadzipatsa mfuti yangayanga ndi chipsera pamwendo, chimene kunena zoona ndinachitenga nditagwa panjinga. Botolo lililonse linkafuna nkhani yatsopano, nkhani iliyonse n'kubweretsa botolo lina.

Imene anthu ankaikonda kwambiri inali ya chigayo. Ndinkaikamba chonchi: tsidya la Zambia kunali wachigayo wina amene anakanenera achimwene kupolisi. Ife tinafika m'mawa, achimwene anakhala pampando pakhomo pa chigayo, n'kulamula kuti mudzi wonse ugayitse ulere mpaka madzulo. Amayi anavina, ufa uli mbuu m'mitu, wachigayo thukuta lili kamukamu, ndipo ine ndinaima pakhomo ndi mfuti. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Esinati anaimva kamodzi. Tili m'basi pobwerera anandifunsa motsitsa mawu, "Bambo a Tadala, mfuti yake iti? Inu nkhuku yomwe mumapempha ine kuti ndiphe."

Ndinamuuza kuti pali zambiri zimene sadziwa za ine. Iye anati, "Ndikudziwa kuti ndinakwatiwa ndi mphunzitsi. Uyu mukumubweretsa m'nyumbayu sindikumudziwa."

Zotsatira zake mukuzidziwa, ena mukuzidutsa panopa. Mowa wa Loweruka unasanduka wa Lachisanu mpaka Lolemba. Kenako kabotolo m'thumba la jekete kuntchito. Tsiku lina ndinagwetsa mulu wa makatoni, unangotsala pang'ono kuphwanya mnzanga, ndipo anandichotsa. Kunyumba sindinanene. Milungu isanu ndi umodzi ndinkatuluka m'mawa ndi kabokosi kanga ka chakudya, n'kumangozungulira pa sitima ya Metro, kutsika pomwera, kukweranso. Ndinayamba kulankhula mokalipa, kumenya tebulo, kuyenda ngati munthu woopedwa. Ana akamva makiyi anga pakhomo ankalowa kuchipinda kwawo n'kutseka. Ine ndinkati ndi ulemu.

Linafika tsiku la pikiniki, mwezi wotentha uja wa Julaye, kupaki ina ku Falls Church. Ena muno munalipo. Nyama ili pamoto, ana akuthamanga, ine ndili pakati pa nkhani ya chigayo. A Jere, bambo wofatsa amene ankayendetsa takisi, anali atatopa nazo. Anati, "A Lameki, tapumulani. Achimwene anu anali akuba ng'ombe basi. Inunso ndinu onyamula makatoni ngati ife tonse. Tiyeni tidye."

Botolo linali m'dzanja langa. Ndinawamenya nalo kumaso, linasweka. Diso lawo lamanzere silinaonenso mpaka lero. Mwana wanga Tadala anali ataima pafupi ndi mbale m'manja, ndipo anaona zonse.

Anandigamula miyezi khumi ndi umodzi. Mlungu woyamba m'ndende thupi linkanjenjemera, ndinkasanza, ndinkaona zinthu zikuyenda pakhoma. Koma musaganize kuti ndinalapa. Mumtima ndinkati a Jere anaziputa okha. Ndinayesanso kukamba za Tsekakhomo m'Chingerezi kwa akaidi anzanga. Mmodzi anandimvetsera pang'ono, kenako anandifunsa ngati ndidye buledi wanga kapena ndimupatse. Esinati anabwera kamodzi kudzandiuza kuti wasamuka ndi ana, ndipo kumalo ngati amenewo sadzawabweretsa.

Mwezi wachinayi, Lachitatu masana, mlonda anandiitana kuti kwabwera mlendo. Ndinkayembekeza Esinati kapena abusa. Kuseri kwa galasi kunali Mayi Mvula.

Amene simuwadziwa, ndi mayi wachikulire wa ku Chipata, amagwira ntchito yosamalira odwala m'makomo. Pamisonkhano yathu ndi amene ankagawa chakudya, osalankhula zambiri. Ine ndi iwo tinali tisanachezepo kupitirira moni. Anali atavala yunifolomu yawo, chikwama chili pamiyendo. Ananyamula foni ija yolankhulirana, nanenso ndinanyamula yanga.

"Ba Lameki, muli bwanji?"

Ndinati ndili bwino, ndipo ndinawathokoza pondikumbukira.

"Sininabwere kudzakupepesani," anatero. "Nakwera mabasi awiri kuti nikuuzeni nkhani ya chigayo. Mumaikamba kwambiri, koma simuidziwa."

Ndinaseka pang'ono, poganiza kuti abwera ndi mbali ina yoseketsa. Iwo sanaseke.

"Wachigayo uja anali mwamuna wanga."

Abale, foni ija inalemera m'dzanja langa. Ndinafuna kuiika pansi, koma maso awo anandigwira.

Analankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerenga malangizo a mankhwala. Anati amuna awo sanapite kupolisi. Apolisi ndi amene anabwera kudzafunsa ngati padutsa anthu ndi ng'ombe, ndipo mapazi a ng'ombezo anali pakhomo pomwepo, aliyense akuwaona. Amuna awo anangoloza kumene alowera.

"Zampando n'zoona," anatero. "Unali mpando wanga, anautenga m'nyumba mwanga. Zoti chigayo chinalira tsiku lonse n'zoona. Koma palibe anavina. Anthu anachita kutulutsidwa m'nyumba na mfuti, aliyense na chimanga chake, afune asafune. Ine ananiuza niphe nkhuku ziwiri niwaphikire. Ninaphika, mwana ali kumbuyo. Ninawathirira madzi osamba m'manja, nitagwada."

Anaima kaye, n'kusuntha chikwama chija pamiyendo.

"Dzuwa litapendeka, achimwene anu anaitana mwamuna wanga. Anamufunsa kuti, dzanja linaloza njira ni liti? Mwamuna wanga anaonetsa lamanja. Awiri anamugwira. Chigayo chinali chikali kulira. Analiika pa lamba wa injini."

Sindinathe kuwayang'ana. Ndinayang'ana kashelefu ka pansi pa galasi, pamene wina anakanda dzina lake ndi chikhadabo.

"Ngolo inalipo, koma ng'ombe anatenga. Amuna a m'mudzi anaikoka okha na manja. Ine ninali m'ngolo, nitamanga mkono wake na chitenje changa. Anamwalira tisanafike pa msewu wa tala."

Mlonda anadutsa kumbuyo kwanga. Pawindo lina mayi wina ankaseka ndi mwamuna wake. Ine ndinangoti, "Mayi, pepani." Mawu ake anatuluka aang'ono kwambiri.

"Sininamalize," anatero. "Tsiku loyamba kukumvani mukuti munaima pakhomo na mfuti, ninali nitanyamula mbale ya mpunga. Ninaiika pa tebulo, ninapita ku bafa, ninasanza. Ninaganiza zoleka kubwera. Koma ninati ayi, niyambe namuona bwino munthu uyu. Zaka ziwiri nakhala nikukupatsani chakudya, nikukuyang'anani nkhope, makutu, mayendedwe. Anabwera anayi tsiku lija. Nkhope zawo nizidziwa zonse, nimaziona nikatseka maso. Inu simunaliko, ba Lameki."

Ndinati, "Sindinaliko, mayi." Kanali koyamba kunena zoona pa nkhani imeneyi kuchokera tsiku la ku Seven Corners lija.

"Nidziwa. Manje funso langa ni limodzi chabe. Aja analiko, ngati akali moyo, nikhulupirira amalakalaka akanakhala kuti sanaliko. Inu Mulungu anakupatulani, munali kusukulu na choko m'manja. Mufuniranji kukhalako?"

Anadikira ndithu. Kenako mlonda anati nthawi yatha, iwo anaika foni pamalo pake, anadzuka, n'kumapita osacheuka.

Nditabwerera m'chipinda changa ndinakhala pansi pasimenti. Ndinaganiza za masana onse amene mayi aja anandiikira nyama m'mbale, ine ndikuseketsa anthu ndi tsiku limene amuna awo anafa. Ndinaganiza za diso la a Jere. Ndinaona kuti ndinayamba ndi bodza loti ndinapwetekapo anthu, ndipo ndinalilimbikira mpaka linakhala zoona. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, "Ambuye, ndine Lameki, mphunzitsi uja. Ngati mukundikumbukira, ndithandizeni."

Sindikuuzani kuti ludzu linatha tsiku lomwelo. Silinathe, ndipo lilipo mpaka pano. Ndikuuzani zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

M'ndende munali kagulu ka anthu ovutika ndi mowa, kankakumana Lachinayi lililonse. Miyezi inayi ndinkakanyoza. Mlungu umenewo ndinapita, ndinakhala kumbuyo, ndipo itafika nthawi yanga ndinanena dzina langa ndi vuto langa, osawonjezera kanthu. Ndinaphunzira kuti munthu ukhoza kulankhula anthu n'kukumvetsera popanda kunama.

Kenako ndinalemba makalata atatu. Yoyamba kwa Esinati, yomuuza zonse, ndi za milungu ija ndinkazungulira pa sitima. Yachiwiri kwa a Jere. Yachitatu kwa amayi kumudzi, yowafunsa chinthu chimene ndinali ndisanafunsepo: kodi achimwene anathera kuti?

Amayi salemba. Yankho lawo linabwera pa kaseti nditatuluka kale, ndipo ndinaimvera m'galimoto ya mkulu wa mpingo uno amene anandipatsa kachipinda kunyumba kwake. Anati achimwene anawomberedwa pantchafu ndi mmodzi wa anthu awo omwe, pokanganirana ng'ombe. Anafika kwa amayi chokwawa. Anawabisa m'khitchini masiku asanu ndi anayi, bala likuwola, kuchipatala osatheka kupita. Ankalira ngati mwana, kupempha madzi. Anawaika m'manda anthu asanu ndi mmodzi, popanda nyimbo, ndipo abale anagwirizana zongokhala chete, anthu aziti analowa m'phiri. Ine sanandiuze chifukwa ankadziwa kuti sindinkafuna kumva dzina lawo. Amayi anati, "Zamadzi zimene amanenazo ine sindikuzidziwa, mwananga. Ine ndinkachapa nsalu zake. Anali magazi."

Kasetiyo ndinaimvera kawiri. Ndinalira achimwene anga koyamba, chifukwa anali achimwene anga ndithu, anandiphunzitsa kupalasa njinga. Koma anachitanso zimene anachita pa chigayo paja. Zonse ziwiri ndiyenera kuzinyamula, ndipo sizipepuka.

Panopa ndimachapa zofunda kunyumba ina ya okalamba. Ndinasintha basi imene ndimakwera, chifukwa yakale imaima pakhomo penipeni pa sitolo ya mowa. Yatsopanoyi imazungulira, ndimafika mochedwa ndi theka la ola, koma ndimafika. Loweruka masana, nthawi imene ndinkakhala ku Seven Corners, ndimabwera kuno kudzakonza mipando, kaya pali msonkhano kaya palibe. M'thumba ndimayenda ndi manambala a anthu awiri, ndipo ludzu likandigwira ndimalowa m'kanyumba ka foni n'kuimba ndisanaganize kawiri. Wina akandiitana kuti mng'ono wa Tsekakhomo, ndimamuuza pomwepo kuti dzina langa ndi Lameki, ndipo zonse ndinkakamba zija ndinkanama. Ena amaseka, ena amakhumudwa ngati ndawalanda kanthu. Azibambo amene munandigulirapo mowa chifukwa cha nkhani zija, ndikuuzani pamaso panu lero: ndinakunamizani.

Musaganize kuti zonse zakonzeka. A Jere sanayankhe kalata. Nditatuluka ndinapita kwawo, anatsegula chitseko tcheni chili chokoleka. Takisi anasiya, ndi diso limodzi sangathe. Ndinanena zimene ndinabwerera. Anati, "Ndamva. Pitani." Ndinapita, ndipo sindiwadandaula. Esinati amandilola kuona ana Lamulungu masana. Nditamufunsa za ife awiri anati, "Papite chaka china, tione." Tadala amandiyankha mawu amodziamodzi, m'Chingerezi, maso ali pansi. Nkhani ya mapepala anga ili kukhoti chifukwa cha mlandu uja, ndipo loya wandiuza mosabisa kuti akhoza kundibweza kwathu. Mwina chaka chamawa sindidzakhala nanu muno. Ndimadzuka nazo m'mawa uliwonse, n'kupita kuntchito osamwa. Ndi zokhazo zimene ndingathe.

Abusa atandipempha kuti ndiime pano, ndinapita kaye kwa Mayi Mvula kukapempha chilolezo, chifukwa nkhaniyi ndi yawo kuposa ine. Ndinawapeza akudikira basi ku Alexandria. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinawafunse. Anangoti, "Kambani. Ine sinizabwera, nili pa shifiti. Koma zaka zonse izi mwakhala mukuti wachigayo, wachigayo. Munthu uja anali na dzina." Basi yawo inabwera, anaisiya ipite, ndipo anandiuza za amuna awo mpaka inafika ina.

Dzina lawo anali a Yohane Mvula. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Chigayo sichinali chawo, anangolembedwa ntchito, ndipo ankafuna kudzaphunzira ukalipentala. Ankaimba besi m'kwaya ya kwawo. Ankaopa agalu, ngakhale tiana ta agalu, ndipo akazi awo ankawaseka nazo. Amayi okalamba akabwera kudzagayitsa, ankawasenzera ufa mpaka kunyumba. Mwana amene anali kumbuyo tsiku lija ali ku sekondale ku Chipata, ndipo nkhope ya bambo ake saidziwa, chifukwa a Yohane sanajambulitsepo chithunzi.

Ndi zimene ndinali nazo. Amene akufuna kulankhula nane payekha andipeza kumbuyo kuja tikamaliza, ndikhala ndikupinda mipando.